Tsiku Limene a Nangondo Anaperekeza Khutu la Mfumu

Kuseri kwa mapiri amene sapezeka pa mapu a kusukulu kuli ufumu wathu wa Sitidandaula. Dzinali sanatipatse adani. Tinadzipatsa tokha, ndipo timalinyadira. Kwathu munthu akagundidwa ndi ngolo n'kugona pansi mwendo utapindikira kumbuyo, iwe n'kumufunsa kuti ali bwanji, amayankha kuti, "Ndili bwino, kaya inu." Zikafika poipa kwenikweni amati, "Pang'ono pang'ono," ndipo akatero abale amayamba kufunsa mtengo wa matabwa.

Chaka china Mfumu Ndamvakale inayendera chipatala chachikulu cha ku likulu lathu la Pamthunzi. Inapeza odwala atagona awiriawiri pabedi, ena kunsi kwa bedi. Zinaikhudza kwambiri, moti tsiku lomwelo inalamula kuti onse odwala matenda a mgonagona abwerere kwawo. "Mankhwala oposa onse ndi chikondi cha abale," inatero mfumu, "ndipo ndi mankhwala okhawo amene sanathepo m'dziko muno." Inalonjezanso kuti anamwino aziyendera odwalawo khomo ndi khomo pa njinga. Njingazo zinabweradi. Tinaziona ndi maso athu pa mwambo woonetsa njinga, zitamangidwa maliboni, ndipo tinavina mpaka kutuwa mbuu. Kenako anazitsekera mosungira katundu kunyumba ya mfumu, kudikira mwambo wachiwiri wozipereka kwa anamwino. Tsiku la mwambo umenewo linali likufunidwabe.

Patapita nthawi kunabwera alendo ochokera kumaiko akutali, aja amene amayenda ndi mabotolo awoawo a madzi. Anauza mfumu kuti m'maufumu otsogola mumakhala munthu wapadera woyendera odwala m'makomo, kumva madandaulo awo ndi kuwalankhulira kwa akuluakulu. Mfumu yathu sikonda kutsalira. Inaitanitsa nduna zonse n'kulengeza kuti nafenso tikhala ndi munthu wotero, ndipo udindo wake udzatchedwa Khutu la Mfumu. Khutulo likamva dandaulo, lidzakhala ndi mphamvu yolamula namwino kupita pakhomopo, ngakhale wapansi.

Nduna zinaomba m'manja. Koma a Chigwadire, Nduna ya Ulemu ndi Miyambo, anaimirira mawondo ali chopinda monga mwa nthawi zonse.

"Mwini dziko, maganizowa ndi anzeru ngati maganizo anu onse," anatero. "Koma Khutuli lizifika bwanji pakhomo pa munthu? Lizingotulukira ngati njoka? Munthu wa mfumu akapeze pabwalo posasesa, ana asanasambe? Kumeneko n'kuchititsa manyazi anthu anu."

Mfumu inaona kuti n'zoona. Lamulo linatuluka lakuti Khutu lisamafike pakhomo mwadzidzidzi. Mthenga azitsogola ndi chimkuzamawu kukadali masiku, kuti odwala akonzekere bwino kupezeka mmene alili.

Udindowo unagwera a Ziyenda, mphunzitsi wopuma ntchito, woonda ngati bango. Lamba wawo anali ndi zibowo zimene anaboola okha ndi msomali. Ndinene pano kuti a Ziyenda sanali munthu woipa. Ntchitoyo anaitenga ndi mtima wonse, ndipo ankafunadi kumva. Vuto lawo linali limodzi: anabadwira ku Sitidandaula ngati ife tonse.

Mthenga akangodutsa, pakhomo pa wodwala pamakhala ngati pakubwera ukwati. Tinkasesa mpaka kuseri kwa chimbudzi. Wodwala tinkamusambitsa, kumudzoza mafuta mpaka nkhope kuwala, n'kumufunditsa nsalu yoyera. M'dera lathu la Pirirani nsalu yoyera ya pabedi inalipo imodzi yokha, ya mayi wina amene mwana wake ankagwira ntchito kuhotela. Nsaluyo inkayenda patsogolo pa Khutu, kudumpha mipanda, kuchoka pa wodwala uyu kupita pa wodwala uyo isanazizire n'komwe. A Ziyenda anayamikirapo tsiku lina kuti odwala a ku Pirirani ndi ogwirizana kwambiri, chifukwa onse amakonda nsalu ya duwa lofiira pakona.

Ndiye panali nkhani ya nkhuku. Kwathu mlendo wolemekezeka saona wodwala asanadye, ndipo sadya masamba. Kukana chakudya cha mwini nyumba n'chipongwe choposa kumutukwana. A Ziyenda anayesapo kamodzi kunena kuti adya kale. Banja lonse linangokhala chete, maso pansi, mpaka iwo anachita manyazi n'kusamba m'manja. Akatha kudya ankalowa kuchipinda, abale onse ali pambuyo pawo, n'kufunsa wodwala mmene wadzukira. Wodwala ankayankha monga analeredwera.

Kumsika wa Manong'onong'o, kumene timalankhulako zoona bola pasakhale wofunsa, nkhani inali yomweyo.

"Khutu lija ladutsa m'mawa," anatero mayi wina wogulitsa tomato. "Likukula bwino."

"Lamba uja aboolanso," anayankha mnzake wa anyezi, "koma ulendo uno mbali inayo."

Wogulitsa nkhuku sanaseke. Iye anangoti, "Kale nkhuku zinkaopa Khirisimasi yokha."

Kunyumba ya mfumu a Ziyenda ankapereka lipoti lofanana mwezi ndi mwezi, lakuti dandaulo palibe. Mfumu inawaveka mendulo. Anamwino anapitiriza kukhala kuchipatala, popeza panalibe amene anawafuna.

Ku Pirirani kuja kunali a Nangondo, mayi amene anagulitsa nsomba zouma pamsika wa Manong'onong'o kwa zaka zambiri, ndipo pakamwa pawo pankaopedwa ndi okhometsa msonkho omwe. Matenda ofoola ziwalo anawagwetsa pa benchi yawo tsiku lina, n'kuwasiya mbali yonse yakumanja itafa. Pakamwa pokha anawasiyira. Mwana wawo Fanesi anasiya ntchito yosoka kuti aziwasamalira. Ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza mmene mphamvu zake zinkathera. Koma munthu mmodzi sangatembenuze mayi wathupi ngati a Nangondo kangapo patsiku, ndiye kumsana ndi m'chiuno mwawo munabuka zilonda, zija zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi.

Powatulutsa m'chipatala anauza Fanesi zinthu ziwiri: zilonda zikayamba pafunika namwino wozitsuka ndi mankhwala, ndipo wodwala azidya dzira tsiku lililonse kuti thupi lizitha kudzipoletsa. Namwino sanabwere. Dzira lokha ndi limene linkabwera, kuchokera kwa thadzi lakuda limene linali nkhuku yokhayo pakhomopo. Fanesi ankatsuka zilondazo ndi madzi amchere, koma chimodzi cha m'chiuno chinali chitazama ndipo chinayamba fungo. Ankadziwa kumene chilonda chotero chimathera, ndipo ankaopa kwambiri.

Mthenga atalengeza kuti Khutu la Mfumu lifika kwa a Nangondo, woyamba kutulukira anali mlongo wawo, a Tepeka. Bamboyu sankaoneka pa tsiku lochapa zofunda, koma pa tsiku la alendo sankaphonya.

"Fanesi, nsalu ija wakaitanitsa?"

"Ibwera, amalume."

"Nanga nkhuku ija ili kuti? Igwidwe."

"Amalume, nkhuku ndi yomweyo. Ndi imene imaikira mazira amene amayi amadya."

"Ndiye munthu wa mfumu adye chiyani, bonongwe? Ukufuna mudzi wonse uzinena kuti kwa a Nangondo alendo amachoka ndi njala? Mazira tidzaona kutsogolo."

Fanesi analowa kuchipinda misozi ili m'maso. Amayi ake anali atamva zonse.

"Ilekeni iphedwe nkhukuyo," anatero a Nangondo. "Bola ndimuuze bwanayo zonse. Ndimuuza za namwino, za njinga, za chilonda ichi. Ine ndinathamangitsapo wokhometsa msonkho ndi mlamba wouma. Ndingalephere kulankhula ndi mphunzitsi?"

Masiku onse otsalawo anakhala akuyeserera mawu awo, moti ife oyandikana nawo tinawaloweza.

Tsiku litafika, a Ziyenda anakhazikidwa pampando wobwereka. Analonjeredwa ndi aliyense mmodzimmodzi, ndi ife tomwe amene tinangobwera kudzathandiza kuyang'ana. Thadzi lakuda linabwera m'mbale pamodzi ndi mpunga, ndipo a Tepeka anathandiza mlendo kuti asadye yekha. Kenako onse analowa kuchipinda. A Nangondo anali atagona chagada, nkhope ikuwala mafuta, duwa lofiira lili pachifuwa. Pazenera anali atafukiza masamba a bulugamu kuti abise fungo.

A Ziyenda anawerama mwaulemu. "Mwadzuka bwanji, mayi?"

A Nangondo anakoka mpweya. Fanesi anagwira chitseko. Ife pazenera tinasiya kupuma.

"Ndadzuka bwino, bwana, kaya inu."

Mawuwo anangotuluka okha. A Nangondo enieniwo anadabwa nawo, maso anachita kutong'oka. Anayesanso kutsegula pakamwa, koma a Ziyenda anali atafunsa kale ngati akusamalidwa bwino, ndipo pakamwa pomwepo panayankha kuti kwambiri. Musawaseke. Munthu angathe kulimbana ndi wokhometsa msonkho, koma kuuza mlendo amene wangodya kwanu kuti zinthu sizili bwino, zimenezo sitinaphunzitsidwe.

"Ndasangalala kumva choncho," anatero a Ziyenda. "Basi, ndisakutopetseni. Ndapita."

Anali atafika pakhomo la chipinda pamene a Nangondo analankhulanso.

"Dikirani, bwana. Ndikuperekezeni."

A Tepeka anaseka mokakamiza. "Achemwali, gonani. Ndiwaperekeza ine."

"Nyumba ino ndi ya yani, achimwene?"

"Ndi yanu."

"Nkhuku yadyedwayi inali ya yani?"

"Yanu."

"Ndiye mlendo wanga achoke osaperekezedwa ndi mwini nyumba? Mukufuna mudzi wonse uzinena kuti a Nangondo alibe mwambo? Fanesi, kabwereke wilibala."

Apa panalibe wotsutsa. Kwathu kuperekeza mlendo ndi mwambo waukulu ngati kumudyetsa, ndipo mlendo sangakane. Angathe kunena kuti bwererani pano, koma wosankha pobwerera ndi mwini nyumba.

Wilibala itabwera, a Tepeka anakumbukira kuti msana wawo umawavuta. Choncho Fanesi anagwira kumiyendo, ndipo a Ziyenda, posowa pothawira, analowetsa manja kunsi kwa msana wa wodwala. Atawanyamula, nsalu ya duwa inagwa. Mphasa imene inali pansi pake inaoneka, yakuda ndi yonyowa, ndipo fungo linagonjetsa bulugamu yense uja. Atawakhazika m'wilibala, a Ziyenda anayang'ana dzanja lawo lamanja, lomwe lija limene anadyera nkhuku. Linali ndi mafinya ndi magazi.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Si kanthu, bwana, ndili bwino," anatero a Nangondo. "Nkhuku ija mwaimva bwanji? Inali yofatsa. Mazira ake ndi amene ndimadya ine."

A Ziyenda anazungulira kumbuyo kwa wilibala. Anagwira zogwirira za wilibala okha, n'kuyamba kukankha.

Pampanda anati, "Mubwerere pano, mayi."

"Tifike pa mtengo wa mango uwo."

Pa mtengo wa mango a Nangondo anati tifike pa mjigo. Pa mjigo anati tifike pa mlatho. Dzuwa linali litakwera, ntchentche zinali zitamva uthenga, ndipo mzimayi aliyense amene anakumana nawo ankaima n'kufunsa a Nangondo kuti ali bwanji. Iwo ankayankha mokweza kuti ali bwino, akungoperekeza mlendo.

Pamene ankalowa mumsika wa Manong'onong'o, msika wonse unaima. Mayi wa tomato uja anayang'ana chilondacho n'kuyang'ana kumbali.

"Koma a Nangondo ndiye aulemu," anatero. "Kwathu Khutu linadya tambala, koma apongozi anga sanaliperekeze."

Mawu amenewo anatilasa. Tinachita manyazi kwambiri, osati chifukwa cha zilonda, zimene tinkazidziwa kale, koma pozindikira kuti miyezi yonseyi munthu wa mfumu ankachoka m'makomo mwathu osaperekezedwa ndi eni nkhuku. Anthu anathamangira kwawo kukakonza cholakwacho. Posakhalitsa mumsewu munadzaza mawilibala, ngolo, zitseko zonyamulidwa pamapewa, ndi agogo oberekedwa kumbuyo ngati makanda. Nsalu yoyera inali imodzi ndipo inatsala kwa a Nangondo, choncho aliyense anabwera mmene analili. A Ziyenda anali patsogolo, thukuta lili kamukamu, mendulo ikuwamenya pamimba.

"Mayi, chonde, bwererani pano."

"Tifike pa chipata icho, bwana."

Chipatacho chinali cha kunyumba ya mfumu.

Mfumu Ndamvakale inali pabwalo ndi nduna zake, kukambirana za mtundu wa maliboni a mwambo wachiwiri uja. Alonda anafuna kubweza gululo, koma a Chigwadire anawaletsa nkhope ili yozunzika. Anthuwa sanali kuchita zionetsero. Anali kuperekeza mlendo, ndipo lamulo loletsa zimenezo kunalibe.

Odwala anaikidwa m'mizere pa kapinga wa mfumu. Mphepo inkaomba kuchokera kwa iwo kupita kumpando wachifumu. Mfumu inatulutsa kansalu n'kugwira pamphuno ngati ikufuna kuyetsemula.

"Anthu anga, muli bwanji?"

"Tili bwino, mwini dziko, kaya inu," anayankha onse pamodzi, ena mawu akuchita kunjenjemera.

Mfumu inatembenukira kwa a Ziyenda. "Khutu langa, pali dandaulo?"

"Palibe, mwini dziko." A Ziyenda anakweza dzanja lawo lija, limene anali asanalisambe. "Ndadya nkhuku zawo zonse, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene wadandaula." Atatero anakhala pansi pa udzu ngati mwana.

Mfumu inakhosomola. "Chabwino. Mwaperekeza mlendo wanu, mwachita bwino. Tsopano mubwerera nthawi yanji?"

"Sitikufulumira, mwini dziko," anatero a Nangondo ali m'wilibala. "Mlendo wathu tamufikitsa. Tsopano ndife alendo anu."

A Chigwadire anawerama n'kunong'oneza m'khutu lenileni la mfumu. Mwambo unali womveka: alendo ayenera kuphikiridwa nkhuku, kenako mwini nyumba awaperekeze. Mfumu inayang'ana khamulo, inayang'ana kukhola kwake, inayang'ananso msewu wafumbi wopita ku Pirirani. Inafunsa ngati mwambo sulola kuti mfumu itume oiimira. A Chigwadire anakumbukira nthawi yomweyo kuti umalola, makamaka oimirawo akavala zoyera.

Nkhuku za mfumu zinaphedwa tsiku limenelo, ndipo kwa nthawi yoyamba odwala a ku Sitidandaula anadya nkhuku ya alendo. Anamwino anaitanidwa kuchokera kuchipatala. Mosungira katundu munatsegulidwa, njinga zinatuluka matayala ali ophwa, maliboni akale ali pomwepo. Zikupopedwa, mfumu inaimirira n'kulengeza kuti lero ndi tsiku la mwambo wachiwiri, monga mmene inakonzera kuyambira pachiyambi. Namwino aliyense anapatsidwa njinga ndi wodwala woti amuperekeze mpaka pamphasa pake. Ife tinavina.

M'mawa mwake namwino amene anaperekeza a Nangondo anabweranso ndi chikwama cha mankhwala. Ali m'chipinda, a Ziyenda anatulukira kuseri kwa nyumba, opanda mthenga, opanda mendulo, atakwapatira thadzi lamawangamawanga. Analipereka kwa Fanesi.

A Tepeka, amene anamva kuti pakhomo pali alendo, anali atafika kale. Anayang'ana nkhukuyo n'kumwetulira.

"Mulungu ndi wabwino. Alendo awiri, ndiwo zabwera zokha. Fanesi, tenthetsa madzi."

Mawu anachokera kuchipinda. "Achimwene, mukaikhudza nkhukuyo ndikuperekezani mpaka kwanu, ndipo ndikakhala konko."

A Tepeka anapinda manja kumbuyo.

M'chipindamo namwino anawagoneka a Nangondo cham'mbali, Fanesi atawagwira paphewa. Anachotsa kansalu kamene kanamatirira pachilonda, n'kuyamba kutsuka. Thupi lonse la a Nangondo linanjenjemera.

"Zikupweteka, mayi?" anafunsa namwino.

A Nangondo anayang'ana khoma, anayang'ana a Ziyenda amene anaima pakhomo chipewa chili m'manja, kenako anatseka maso.

"Zikupweteka, mwana wanga," anatero chapansipansi. "Zakhala zikupweteka kuyambira kalekale."

Fanesi anatsamira chipumi paphewa la amayi ake n'kulira. Miyezi yonse ija ankatsuka chilondacho ndi madzi amchere, amayi ake sanamuuzepo zimenezi.

Ife pazenera tinamva, ndipo tinachoka mmodzimmodzi osayang'anana, ngati anthu amene aona wamkulu akusamba. Titafika kumsika, mayi wa tomato uja anatifunsa kuti a Nangondo adzuka bwanji. Tinayankha monga tinaleredwera, kuti adzuka bwino. Kanali koyamba kuti bodza lathulo liyandikire zoona.